Kucokera ku mpanda kufika ku ulamuliro: mbiri ya liwu lakuti boma

M'Cinyanja cimene cimalankhulidwa ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, komanso m'mbali mwa nyanja ku Niassa, palibe liwu lokhudza ulamuliro limene limasenza katundu wambiri ngati liwu lakuti boma. Munthu akanena kuti akupita ku boma, ndiye kuti akupita ku tauni kumene kuli maofesi a distrito. Akanena kuti boma lakweza msonkho, akunena anthu amene akulamulira. Akanena kuti sukulu iyi ndi ya boma, akutanthauza kuti si ya mishoni ndiponso si ya munthu. Akanena kuti cipani cakuti calowa m'boma, ndiye kuti capambana pa cisankho. Pa ciliconse mwa zinthu zimenezi Cipwitikizi cili ndi liwu lake: sede do distrito, administração, Governo, Estado, poder.

Kunyumba ndi kumsika zimenezi sizivuta, popeza nkhani imene ili m'kamwa imasonyeza tanthauzo. Vuto limabuka m'kalasi. Phunziro la Ciências Sociais limasiyanitsa Estado ndi Governo, ndipo mphunzitsi amafunika kufotokoza kusiyanako m'cinenero ca ana. Akamasulira mawu awiri onsewo kuti boma, phunziro limatha mwana asanamve kuti pali zinthu ziwiri. Mwana wotere angathe kuloweza yankho la Cipwitikizi n'kukhoza mayeso, koma m'mutu mwake cipatala, bwalo la milandu, apolisi, cipani colamula ndi bwana wa mu ofesi zimakhalabe cinthu cimodzi. Mbiri ya liwuli imasonyeza mmene zinthu zosiyana motere zinalowera m'thumba limodzi, ndipo mphunzitsi woidziwa savutika kuzitulutsa cimodzicimodzi.

Nkhani ya zilembo zinayi

Anthu ambiri ku Malawi ndi ku Zambia, ndi ena a ku Moçambique, amakhulupirira kuti boma ndi cidule ca mawu anayi a Cingerezi. Ena amati ndi British Overseas Military Administration, ena amaika Management m'malo mwa liwu lacitatulo, ndipo ena ali ndi mawu awoawo. Kusagwirizanaku ndi cizindikiro coyamba cakuti nkhaniyi inapekedwa pambuyo, liwulo lilipo kale. Dziko la Britain linalibe ofesi ya dzina limenelo. Dera limene lero ndi Malawi linkayang'aniridwa kucokera ku London ndi Foreign Office kuyambira mu 1891, kenako ndi Colonial Office kuyambira mu 1904.

Boma ndi liwu la Ciswahili, ndipo tanthauzo lake loyamba ndi mpanda wolimba: mpanda wa mitengo kapena wa minga wozungulira mudzi, msasa wa apaulendo kapena khola la ng'ombe. Johann Ludwig Krapf analiika m'buku lake lomasulira mawu a Ciswahili limene linasindikizidwa mu 1882, ndipo anafotokoza kuti ndi mpanda woteteza midzi ndi mizinda. Henry Morton Stanley analigwiritsa nchito m'mabuku ake a maulendo a m'zaka za m'ma 1870, Angerezi asanayambe kulamulira dera lililonse la m'mbali mwa nyanja ya Niassa. Umboni wina uli ku Tanzania. Ajeremani atalanda dzikolo anamanga nyumba zolimba za ulamuliro wawo, ndipo dzina la nyumbazo linali boma. Ya ku Mikindani, kufupi ndi mtsinje wa Rovuma, inamangidwa mu 1895, ndipo ya ku Bagamoyo inatha mu 1897. Zonse ziwiri zikadalipo. Ajeremani sakanapatsa malikulu awo dzina loyamba ndi liwu lakuti British.

Njira ya amalonda ndi asilikali

M'zaka za m'ma 1800 magulu a amalonda a minyanga ya njovu ndi akapolo ankacoka ku Kilwa ndi ku Zanzibar n'kudutsa m'dziko la Ayao, kwa Mataka ku Mwembe ndi kwa Makanjira kum'mawa kwa nyanja. Kucoka apo ankawoloka pa zombo kukafika ku Nkhotakota, kumene Jumbe anakhazikika m'zaka za m'ma 1840. Kumpoto, kufupi ndi Karonga, Mlozi anamanga mipanda yake yankhondo imene inakhalapo mpaka 1895. Ciswahili cinali cinenero ca njira zimenezi, ndipo mawu ake ena anatsalira m'Cinyanja: bwana, bwanamkubwa, msilikali.

Anyanja ndi Acewa anali nalo kale liwu lawo la mudzi wozingidwa ndi mpanda wankhondo, lomwe ndi linga. M'cigwa ca Zambezi Apwitikizi ankalemba za aringa, malinga aakulu a eni maprazo. Lodziwika kwambiri linali la Bonga ku Massangano, pamene Luenha amathira m'Zambezi, lomwe linabweza magulu angapo ankhondo a Apwitikizi pakati pa 1867 ndi 1869. Conco anthu sanatenge liwu lakuti boma cifukwa cosowa dzina la mpanda. Analitenga cifukwa linali dzina limene omanga mipanda yatsopano ankagwiritsa nchito.

Omangawo anafika mu 1891, pamene Harry Johnston anakhala mkulu wa British Central Africa Protectorate, dziko limene linapatsidwa dzina lakuti Nyasaland mu 1907. Johnston anali atayenda kale ku Kilimanjaro mu 1884, ndipo asilikali ake oyamba anali ocokera ku India, ku Zanzibar ndi pakati pa Amakua a ku Moçambique. Kulikonse kumene ankagonjetsa mfumu kapena kutseka njira ya akapolo ankamangako malo olimba: Fort Johnston kumene lero ndi Mangochi, Fort Maguire kum'mawa kwa nyanja, Fort Lister ndi Fort Anderson ku Mulanje. Pambuyo pake kunabwera Fort Manning, lero Mchinji, ndi Fort Jameson, lero Chipata ku Zambia.

M'kati mwa mpanda wotere munali mbendera, nyumba ya mzungu, nyumba za asilikali, ndende ndi tebulo lolandirirapo msonkho. Mzungu woyang'anira dera poyamba anali ndi dzina lakuti Collector, kutanthauza wokhometsa msonkho, ndipo yemweyo ndiye ankaweruza milandu. Nkhondo zitatha mipanda inagwa, m'malo mwake munamangidwa maofesi a njerwa, koma dzina silinacoke. Linayamba kukula pang'onopang'ono. Poyamba boma linali malo. Kenako linakhala anthu okhala pamalopo, a boma. Kenako linakhala mphamvu imene anthuwo ankaimira, kufikira kwa bwanamkubwa ku Zomba. Potsiriza linakhala dera lonse lolamulidwa kucokera pamalopo, ndiye cifukwa cake ku Malawi amati boma la Dedza, boma la Ntcheu, maboma 28.

Mbali ya Moçambique

Apwitikizi anali ndi mayina awo. Malamulo a Reforma Administrativa Ultramarina a mu 1933 anagawa dziko m'magawo a concelho ndi circunscrição, oyang'aniridwa ndi administrador, ndipo pansi pake panali posto administrativo ndi chefe de posto wake. Kumidzi kunali régulo ndi cabo, ndipo uthenga wa ku ofesi unkabwera ndi sipaio. Isanafike nthawi imeneyo, madera ena ankalamulidwa ndi makampani: Companhia do Niassa inagwira Niassa ndi Cabo Delgado mpaka 1929, ndipo Companhia da Zambézia, imene inakhazikitsidwa mu 1892, inali ndi mphamvu zambiri ku Tete. M'mayina onsewa mulibe boma. Liwuli linalowa m'Cinyanja ca ku Moçambique kudzera m'kamwa mwa anthu wamba.

Pangano la Britain ndi Portugal la mu June 1891 linalemba malire pakati pa anthu a cinenero cimodzi. Dziko la Angoni a Maseko, amene anakhazikika ku Domwe m'zaka za m'ma 1870, linagawika pawiri. Mpaka lero msewu wocoka ku Dedza kupita ku Ntcheu umatsata malire mtunda wautali, ndipo pa msika wa Lizulu ogula ndi ogulitsa amacokera mbali zonse ziwiri. Kunyanja, zilumba za Likoma ndi Chizumulu zinatsala m'manja mwa Angerezi ngakhale zili pafupi ndi gombe la Cóbuè, ndipo mishoni ya Anglican ya ku Likoma inkatsegula sukulu m'midzi ya kugombe la kum'mawa mpaka ku Messumba. Mabanja ambiri ankawoloka malire pothawa cibalo ndi msonkho, ena ankapita kukafuna nchito, ndipo pobwerera ankabwera ndi mawu a kumeneko.

Pambuyo pake wailesi ya Malawi, imene inkamveka bwino ku Angónia ndi ku Niassa, inkachula boma pa nkhani za tsiku lililonse, makamaka Cicewa citasankhidwa kukhala cinenero ca dziko la Malawi mu 1968. Nthawi ya nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 October 1992, anthu a ku Moçambique pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. Ambiri anakhala zaka zingapo ku Dedza, Ntcheu, Mwanza ndi Mangochi, ndipo ana awo anakulira kumeneko. Makolo ndi agogo a ana ambiri a m'makalasi a lero ali m'gulu limeneli.

Liwuli linakwanira bwino mbali ya Moçambique cifukwa zimene anthu ankakumana nazo ku posto zinali zofanana ndi za ku boma la Angerezi, kapena zowawa kuposa. Kumeneko n'kumene munthu ankapereka msonkho wa nyumba, ankalembedwa kuti apite ku cibalo ca misewu kapena ca m'minda ya nzimbe kumunsi kwa Zambezi, ankaonetsa caderneta yake, ndipo akapezeka wolakwa ankamenyedwa ndi palmatória. Mpaka mu 1961, pamene lamulo la indigenato linathetsedwa, anthu akuda ambiri sankawerengedwa ngati nzika. Ku boma kunali kumalo kumene munthu ankapita ataitanidwa, ndipo ankapita ndi mantha.

Mawu amene analipo kale

Ulamuliro sunayambe ndi atsamunda. Kalonga ndi Undi analamulira madera aakulu kumpoto kwa Zambezi kwa zaka mazanamazana, ndipo likulu la Undi linali ku Mano, m'cigawo ca Tete ca lero. Cinenero cinali ndi mawu okwanira: mfumu, ufumu, mwini dziko, nyakwawa, bwalo, mlandu, msonkho. Angoni anawonjezapo inkosi ndi nduna. Liwu lakuti msonkho linali lozika mizu kwambiri m'zinenero za ku Zambezi, mwakuti Apwitikizi analitenga n'kumalemba mussoco ponena za msonkho wa m'maprazo.

Ngakhale mawuwa analipo, anthu sanache ulamuliro watsopanowo kuti ufumu. Mfumu inali munthu wodziwika mtundu wake ndi manda a makolo ake, ndipo milandu inkakambidwa pa bwalo, malo opanda mpanda pamene anthu ankakhala pansi n'kumamva mbali zonse. Ulamuliro wa atsamunda unali wa alendo, wolankhula kudzera mwa womasulira, ndipo unalandira dzina lacilendo.

Zinenero zina zinayenda njira ina. M'Xichangana liwu la Governo ndi mfumo, locokera ku mneni wakuti ku fuma, kulamulira, ndipo limamveka pafupi ndi mfumu ya m'Cinyanja. Ciswahili cenicenico, cimene cinabala liwu lakuti boma, cimati serikali ponena za Governo. Mphunzitsi wa Xichangana ku Gaza ndi mphunzitsi wa Cinyanja ku Tete akhoza kukhala ndi buku limodzi la Cipwitikizi, koma ana awo amafika m'kalasi ndi zithunzi zosiyana m'mutu.

Mawu akale aja sanafe. Ambiri anapatsidwa nchito zatsopano. Bwalo la milandu ndi tribunal, nduna ndi ministro, unduna ndi ministério, phungu ndi deputado, kazembe ndi embaixador, likulu ndi capital kapena sede. Izi zikusonyeza kuti cinenero cikafuna kusiyanitsa maudindo cimatha kutero ndi cuma cake comwe.

Maofesi anaculuka, liwu linatsala limodzi

Dziko litalandira ufulu pa 25 June 1975, Vila Coutinho inakhala Ulónguè ndipo Vila Cabral inakhala Lichinga. Ma régulo anacotsedwa pa udindo ndipo m'midzi munabwera grupos dinamizadores. Msonkhano waukulu wacitatu wa Frelimo mu 1977 unatsimikiza kuti cipani ndico cimatsogolera Estado. Pa zaka zimenezo munthu wonena kuti cipani ndi boma ndi cimodzi sankalakwa, cifukwa malamulo ankatero.

Malamulo aakulu a dziko a mu 1990 analola zipani zambiri, ndipo cisankho coyamba ca zipani zambiri cinacitika mu October 1994. Kucokera pamenepo maofesi akhala akuwonjezeka. Mu 1998 kunacitika cisankho coyamba ca ma autarquia m'mizinda ndi matauni 33, kuphatikizapo Metangula, ndipo Ulónguè inalowa m'gululi mu 2008. Decreto 15/2000 inazindikiranso mafumu ndi atsogoleri ena a m'midzi ngati autoridades comunitárias. Lamulo la 8/2003 linalongosola maofesi a Estado m'cigawo, m'distrito, pa posto administrativo ndi pa localidade. Kusintha kwa malamulo aakulu mu 2018 kunabweretsa akuluakulu awiri m'cigawo ciliconse: Governador, amene amatuluka pa cisankho kuyambira mu 2019, ndi Secretário de Estado, amene amasankhidwa ndi Pulezidenti wa dziko.

Munthu wa ku Ulónguè lero ali ndi conselho municipal, ali ndi ofesi ya administrador wa distrito, ali ndi akuluakulu awiri ku Tete, aphungu ku Maputo, bwalo la milandu loima palokha, ndi mfumu yovala yunifolomu. Ena mwa awa amawasankha yekha ndi voti, ena amaikidwa, ena amalowa nchito atalemba mayeso ndipo amakhalapo ngakhale olamulira asinthe. Onsewa akangokhala a boma basi, munthuyo sangadziwe kumene angakadandaule za msika, za malo kapena za mankhwala, ndiponso sangadziwe amene angamucotse ndi voti yake.

Zimene cinenero cimapereka kwa mphunzitsi

Kutaya liwu lakuti boma sikungathandize. Ana amalidziwa, makolo amalidziwa, ndipo lakhala m'cinenero zaka zoposa zana limodzi. Cofunika ndi kuonetsa ana kuti lili ndi matanthauzo angapo, ndipo galamala ya Cinyanja imathandiza kale pa nchitoyi. Ku boma ndi pa boma amanena malo. A boma amanena anthu. M'boma amanena za kukhala pa ulamuliro kapena kulembedwa nchito ndi Estado. Sukulu ya boma ndi cipatala ca boma amanena za umwini. Mphunzitsi angapemphe ana kuti abweretse ziganizo zimene amva kunyumba, pa wailesi kapena kumsika zokhala ndi liwuli, azilembe pa bolodi, kenako kalasi izigawe m'magulu anayi amenewa. Mawu a Cipwitikizi akabwera pambuyo pake amapeza malo okonzeka kale.

Pa tanthauzo la dera pamafunika kusamala ndi mabuku ndi nyuzipepala za ku Malawi. Kumeneko boma ndi distrito. Wotsata njira imeneyo akafuna kumasulira Governo do Distrito amathera pa boma la boma, zimene sizimveka. Kwa ana a ku Moçambique n'kwapafupi kusunga liwu lakuti distrito, limene amalimva tsiku ndi tsiku, n'kunena kuti boma la distrito, likulu la distrito, boma la cigawo.

Pa Estado ndi Governo, kufotokoza kumaposa kusaka liwu limodzi. Governo ndi gulu la anthu amene apatsidwa udindo woyendetsa dziko kwa nthawi yoikika, ndipo pano cisankho cimabwera pakatha zaka zisanu zilizonse. Estado ndi dziko lenilenilo pamodzi ndi anthu ake, malire ake, malamulo ake ndi maofesi ake okhazikika. Citsanzo cili m'sukulu momwemo. Nduna ya maphunziro imasintha, director amasamutsidwa, koma sukulu, kaundula wa ana ndi satifiketi ya mwana zimakhalabe ndi mphamvu. Ana a m'midzi amadziwanso kuti mfumu ikamwalira ufumu sutha, ndipo apa mawu akale amathandiza kumasula liwu latsopano.

Palinso liwu lakuti público. Likamasuliridwa kuti za boma, ana ambiri amamva kuti ndi za eni ake ena okhala kutali, zimene zikawonongeka palibe wa pamudzi amene wataya kanthu. Ena amamva kuti ndi mphatso yocokera kwa olamulira imene iyenera kuthokozedwa. Likamasuliridwa kuti za anthu onse, mphunzitsi amapeza mpata wofotokoza kuti desiki, mjigo ndi buku laulere zimagulidwa ndi cuma ca dziko, kuphatikizapo msonkho umene makolo amapereka akamagula sopo, mafuta a njinga yamoto kapena akamalipira malo pa msika.

Nchito yotereyi singathe ndi mphunzitsi mmodzi. Cinyanja cinali cimodzi mwa zinenero ziwiri za PEBIMO, imene inayesa maphunziro a zinenero ziwiri ku Tete ndi ku Gaza kuyambira 1993 mpaka 1997, maphunzirowa asanalowe m'ndondomeko ya dziko lonse mu 2003. Misonkhano ya mu 1988, 1999 ndi 2008 inagwirizanitsa kalembedwe ka zinenero za dziko lino, ndipo ndime 9 ya malamulo aakulu a mu 2004 imati zinenerozi ndi cuma ca cikhalidwe ndi ca maphunziro. Zilembo zinagwirizanitsidwa, koma mawu a phunziro lililonse amapangidwabe m'kalasi, nthawi zambiri ndi mphunzitsi ali yekha pamaso pa ana. Aphunzitsi a ZIP imodzi akakhala pansi n'kugwirizana mmene azinenera Estado, Governo, distrito, município ndi público, mwana wosamuka kucoka ku Domwe kupita ku Ulónguè sayambanso kuphunzira mawu atsopano. Mndandanda umene angagwirizane ungatumizidwenso kwa olemba mabuku.

Ofesi yoyamba imene mwana wa pulayimale amamva dzina lake nthawi zambiri ndi ya Registo Civil, cifukwa sukulu imafuna cikalata ca kubadwa. Agogo a agogo ake ankapita kumalo ngati amenewo atatengedwa ndi sipaio. Iye akapita ndi amayi ake amakatenga cikalata cimene lamulo limati ndi cake, ndipo wogwira nchito amene ali kuseri kwa tebulo amalipidwa kuti amupatse. Onse awiri, agogo ndi mdzukulu, amati apita ku boma. Mwanayo akamabwerera ku sukulu ndi cikalataco m'manja, mphunzitsi angamufunse kuti analowa mu ofesi iti, anapezamo ndani, ndipo munthuyo anaikidwa pamenepo ndi yani.